Kambalame kofiira mutu ku Darwin: ndi choso wathu uja?

Funso: "Ndili ku Darwin kuno ku Australia, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Ndikaweruka shifiti ya usiku ndimakonda kudzera mbali ya ku Rapid Creek, komwe kuli mitengo ya mangrove, ija imamera m'madzi amchere m'mphepete mwa nyanja, ndiye ndakhala ndikuona kambalame kakang'ono zedi, mlomo wowonda wokhota ngati wa choso, mutu wonse wofiira psuu, thupi lotuwa moderako, kakuyamwa maluwa. Pafupi pake pamakhala tina tabulauni topanda chofiira, ndipo tofanana nato timabwera pa maluwa a pakhomo pathu n'kumalira mokweza m'mamawa. Kodi ndi choso wa kwathu uja wafika mpaka kuno? Nanga tabulaunito ndi tatikazi take?"

Achemwali, mwafotokoza bwino moti kofiira mutuko sindikukayika n'komwe. Koma ndiyambe ndi kukukhumudwitsani pang'ono, si choso. Ku Darwin kulibe choso olo mmodzi. Australia yonse ili ndi mtundu umodzi wokha wa choso, ndipo uli kutali ndi inu, m'mbali mwa nyanja ku Queensland, kuyambira ku Cape York kutsika kudutsa Cairns ndi Townsville mpaka cha ku Gladstone. Mukadalemba muli ku Cairns bwenzi tikukambirana zina. Kamene mukukaona inuko ndi ka banja lina, la mbalame zotchedwa honeyeater, dzina lake Red-headed Myzomela, ndipo ndi kakamuna. Mabuku akale amalemba kuti Red-headed Honeyeater, ndi kamodzimodzi, musabalalike mukamasaka pa intaneti. Amene anakalemba koyamba m'mabuku a sayansi ndi John Gould, mu 1840, pa dzina loti Myzomela erythrocephala.

Tabulaunito ndiye pali ntchito. Kena mwa ito kakhoza kukhaladi kakakazi kake, koma ndikuganiza kuti mukuona mitundu iwiri kapena itatu yosiyana n'kumaiyesa umodzi, makamaka tomwe timabwera pakhomoto. Tifikako.

Kuti munaganiza za choso si zachilendo, aliyense wakulira ku Malawi angaganize chomwecho. Choso wakuda wa chifuwa chofiira uja amene amadzadza m'magadeni a ku Lilongwe ndi ku Blantyre naye ndi wamng'ono, mlomo wokhota, sakhazikika, ali pa duwa ili kenako pa ilo. Kufanana kwake kwabwera chifukwa cha chakudya basi. Mbalame iliyonse imene moyo wake uli pa timadzi ta m'maluwa imafunika mlomo wautali wowonda ndi thupi lopepuka loti kanthambi ka duwa kasathyoke, ndiye mabanja awiri osiyana, ena ku Africa ndi ku Asia, ena ku Australia ndi ku New Guinea, anafika pa maonekedwe amodzi aliyense kudzera njira yake. Pa chibale ndi otalikirana kwabasi. Ma honeyeater alipo mitundu pafupifupi 190, yopitirira 70 ili mu Australia, ina ku New Guinea, ku zilumba za kum'mawa kwa Indonesia, ku New Zealand, mpaka ku Samoa ndi ku Tonga. Ku Africa kulibe ndi mmodzi yemwe. Abale awo enieni ndi timbalame tina ta ku Australia komweko ngati ma fairywren ndi ma pardalote, toti mutationa simungaganize n'komwe za maluwa.

Kusiyana kwina kuli pa lilime, ngakhale ndi maso simungalione. La choso lili ngati kapaipi. La honeyeater kunsonga kwake ndi kogawanikagawanika, timaulusi tambirimbiri, ndiye limalowa m'duwa n'kutuluka kangapo pa sekondi imodzi, timadzi n'kumakakamira m'timaulusimo, kambalame kakatseka mlomo kamafinya n'kumeza. Chomwe mungaone ndi maso ndi kunyezimira. Choso wamwamuna dzuwa likamuwomba pamutu kapena pakhosi pamawala ngati chitsulo, pamene panali bii pamasanduka girini kapena pepo akangotembenuka pang'ono. Myzomela ilibe zimenezo. Kufiira kwake kumawala ndithu pa dzuwa la m'mawa koma kumakhala kufiira basi, muyang'ane kuchokera kumanja kapena kumanzere. Ndiye mukaona kambalame ka pa maluwa ku Darwin, musavutike n'kudikira kuti kanyezimire.

Tsono ine ndimati pozindikira timbalame timeneti muziyamba ndi malo, osati mtundu wa nthenga. Anthu ambiri amathamangira pa mtundu, aona chofiira basi atsegula Google kulemba kuti kambalame kofiira ka ku Australia, ndiye zithunzi zoyamba kutuluka zimakhala za Scarlet Myzomela poti ndi kamene kamajambulidwa kwambiri ku Brisbane ndi ku Sydney komwe kuli anthu ambiri. Koma Scarlet ndi ka kugombe la kum'mawa, kuyambira kumpoto kwa Queensland kutsika mpaka ku Victoria, ku Darwin sikakhalako. Ndiponso kufiira kwake kumatsika pachifuwa n'kuyenda pamsana ponse, mapiko akuda, kumimba kotuwa moyera. Kanu kaja kufiira kwake kuli malo awiri okha, kumutu ndi pamwamba pa mchira. Inuyo mwatchula mangrove, ndipo mawu amenewo okha achotsa kale mbalame zambiri pa mndandanda, chifukwa Red-headed Myzomela moyo wake wonse ndi wa m'mangrove, kuchokera ku Kimberley ku Western Australia, kudutsa Top End yonse (kumpoto kwa Northern Territory, komwe kuli Darwin), kuzungulira Gulf of Carpentaria mpaka ku Cape York, komanso kumwera kwa New Guinea. Kamatulukako kupita m'mitengo ya paperbark kapena m'nkhalango zoyandikana maluwa akachuluka, koma sikapita kutali ndi madzi amchere.

Ulendo wina mukakaona, kayang'anitsitseni chonchi. Kutalika kwake ndi masentimita 12, kulemera magalamu 8 okha kapena kuposa pang'ono. Mutu wonse, khosi, mpaka kumbuyo kwa khosi ndi kofiira, ndipo kufiirako kumathera mwadzidzidzi, pali malire ooneka bwinobwino, ngati wina wakagwira miyendo n'kukaviika mutu m'chitini cha penti. Pakati pa mlomo ndi diso pali kamzere kakuda, ndiye nkhope imaoneka ngati yakwiya pang'ono. Pansi pa chofiiracho, pachifuwa, pamadera, kenako kumimba kumapita kutuwa. Msana ndi mapiko ndi zabulauni woderako. Ndiye dikirani kauluke kapena kakufulatireni, muona chigamba china chofiira pamwamba pa mchira. Mukaona ziwirizo, mutu ndi pamchira, nkhani yatha.

Pali kamodzi kamene kamapusitsa anthu ku Darwin konko, Mistletoebird. Nako n'kakang'ono, kothamanga, kakamuna kali ndi chofiira chowala zedi. Koma chofiira chake chili pakhosi ndi pachifuwa, ndi china chofiirira pansi pa mchira, pamene mutu ndi msana ndi zakuda, zonyezimira buluu. Mlomo wake ndi waufupi, wosakhota. Kamadya zipatso za zomera zija zimamera pa nthambi za mitengo ina, ndipo ndi kamene kamazifalitsa, kakachita chimbudzi njere yomatayo imakakamira pa nthambi n'kumera pompo. Chodabwitsa n'choti pa mbalame zonse zomwe mungaone ku Darwin, kameneka ndi kamene kali pachibale chapafupi ndi choso wathu, osati ka mlomo wokhota kaja. Palinso Crimson Finch, yofiira thupi pafupifupi lonse, koma imeneyo mlomo wake ndi wonenepa wothyolera njere, mchira wautali, ndipo imakonda m'maudzu ndi m'mitengo ya pandanus pafupi ndi madzi. Siyamwa maluwa.

Tsopano tabulauni tija. Apa musamayang'ane thupi lonse, thupi silikuuzani kanthu, tonse ndi tabulauni. Muziyang'ana malo atatu okha: kuseri kwa diso, pakhosi, ndi m'mphepete mwa mapiko.

Kakakazi ka Red-headed n'kotuwa mobulauni, kumimba kowala kuposa kumsana, ndipo kukula kwake ndi chimodzimodzi kakamuna. Chizindikiro chake ndi kufiira kozilala pamphumi ndi pachibwano, kochepa moti mumthunzi simungakuone, mpaka katembenukire ku dzuwa. Ana aamuna amene sanakhwime amayamba chonchonso, kenako chofiira chimayamba kutuluka mwa timadontho, moti nthawi zina mumaona kambalame ka mutu wamawangamawanga, kofiira pano kotuwa apo, musaganize kuti mwapeza mtundu watsopano. Ngati kabulauni kali m'mangrove, kakutsatana ndi kofiira mutu kuchoka mtengo uwu kupita uwo osathamangitsidwa, mwayi ndi waukulu kuti ndi mkazi wake. Ndikuti osathamangitsidwa chifukwa kakamuna n'kolusa kuposa msinkhu wake, mtengo wa maluwa kakaugwira sikafuna mnzake wamwamuna ayandikire, mpaka kugwirana m'malere.

Kachiwiri ndi Dusky Myzomela. Aka n'kokulirapo pang'ono, masentimita 13 mpaka 15, ndipo n'kabulauni woderako thupi lonse, pamwamba ndi pansi pafupifupi chimodzimodzi, kopanda chigamba, kopanda mzere, kopanda chachikasu, pakhosi pokha ndi pamene pamadera kuposa pena. Chizindikiro chake n'choti kalibe chizindikiro. Mukayang'ana kuseri kwa diso palibe kanthu, pamapiko palibe kanthu, pamphumi palibe chofiira, ndiye kuti ndi Dusky. Kakamuna ndi kakakazi n'tofanana. Kamakonda nkhalango zowirira, m'mphepete mwa mitsinje, m'magadeni a mitengo yambiri, ndipo m'mphepete mwa mangrove kamafikamo, ndiye n'zotheka ndithu kuti ku Rapid Creek mukuona kameneka pambali pa kofiira mutu. Sikakhala phee, kamazondoka pa duwa, kudumpha, kuthamangitsa kanzake, ndipo kulira kwake ndi timawu tating'ono tosamveka patali.

Kachitatu, ndipo ndikukhulupirira kuti ndi kamene kakukudzutsani pakhomo, ndi Brown Honeyeater. Mwanena kuti timalira mokweza, ndipo ma myzomela salira mokweza, mawu awo ndi owonda, okanda. Brown Honeyeater ndiye woyimba. Mukamva nyimbo yamphamvu, yomveka bwino, yobwerezabwereza, n'kuyang'ana mumtengo kufuna mbalame yaikulu koma n'kupeza kanthu kotuwa ka masentimita 12 mpaka 16, ndi kameneko. Kuseri kwa diso kali ndi kachigamba kakang'ono kachikasu kapena koyererako, kokhala ngati ka nsonga zitatu, ndipo m'mphepete mwa nthenga za mapiko ndi za mchira muli chikasu chobiriwira chomwe chimaoneka bwino kakatambasula. Thupi n'lowonda motalikirako kuposa la myzomela. Pali kanthu kena kosangalatsa ngati muli ndi ma binoculars, pangodya ya mlomo, pomwe milomo iwiri imakumana. Kwa kakamuna kamene kali pa nyengo yobereka pamakhala pakuda, kwa kakakazi ndi ana pamakhala pachikasu. Ana ang'ono nthawi zina kachigamba ka kuseri kwa diso kamakhala kasanatuluke, apo ndiye muzidalira mapiko. Kameneka kali paliponse, m'mangrove, m'matauni, pamalo oimika magalimoto bola pali mtengo wa maluwa, ndiye pa tabulauni khumi tomwe mungaone ku Darwin musadabwe ambiri atakhala iyeyu.

Pakhomo pangabwerenso Rufous-banded Honeyeater, komwe n'kofala kwambiri m'malokeshoni a Darwin, koma aka n'kosavuta: mutu wotuwa, pakhosi poyera mbee, lamba wofiirira mobulauni wodutsa pachifuwa, chikasu chowala pamapiko, ndipo mlomo wake ndi waufupi, sunakhote kwenikweni. White-gaped Honeyeater ndi yaikulu, pafupifupi masentimita 20, yotuwa moderako, ili ndi kadontho koyera pangodya ya mlomo, ndi yaphokoso komanso yandewu, imathamangitsa tina tonse pa maluwa. Imeneyo simungaisokoneze ndi choso.

Chinthu chimodzi chomwe chimanamiza ngakhale anthu ozolowera ndi mungu. Mbalame yomwe yakhala ikulowetsa mutu m'maluwa m'mawa wonse imatuluka pamphumi pali chikasu kapena olenji, ndiye Dusky wopanda chizindikiro uja mwadzidzidzi ali ndi chipewa chachikasu, inu n'kuyamba kusaka m'buku mbalame yomwe kulibe. Muzikayikira mtundu uliwonse womwe uli pamphumi ndi kuzungulira tsinde la mlomo pokha, makamaka ukamaoneka ngati ufa, komanso ngati ukufanana ndi maluwa a mtengo womwe kambalameko kali. Apa m'pamene kusiyanitsa kakakazi ka Red-headed ndi Dusky wodzola mungu kumavuta, ndiye muziona kumimba. Kowala kumimba ndi Red-headed, koderako thupi lonse ndi Dusky. Dzuwa la m'mawa kwambiri nalo limafiiritsa chilichonse, moti ndi bwino kuyima dzuwa lili kumsana kwanu, kambalame kali kutsogolo. Kakakhala pakati pa inu ndi thambo mungoona chithunzithunzi chakuda, apo dikirani katsike m'masamba.

Za komwe mungakaone bwino, njira yachidule ndi kusaka maluwa osati mbalame. Timbalameti timawotcha chakudya mofulumira kwambiri ndiye sitingakhale pomwe palibe timadzi, timayenda motsatira mitengo yomwe yachita maluwa sabata imeneyo. M'nyengo yopanda mvula, kuyambira Meyi mpaka cha mu Ogasiti, Darwin woollybutt, mtundu wa bulugamu wa maluwa a olenji, umadzaza ndi mbalame, chimodzimodzi Grevillea pteridifolia, ka mtengo ka masamba owonda ndi maluwa a olenji omwe timadzi take timachita kudontha. Ma paperbark akachita maluwa ake oyererako nawo amaitana aliyense. Mukapeza mtengo umodzi wotero, khalani pansi mphindi 20, osayendayenda, tibwera tokha.

M'mangrove momwemo yang'anani mitengo ya Bruguiera, imene maluwa ake amalendewera chozondoka, chikho chake cholimba chokhala ndi mano osongoka. Pali zochitika pa duwa limeneli zoti mukaziona kamodzi simuiwala. Tizigawo ta duwalo timakhala titatsekera mungu mkati mokanikiza, ndiye kambalame kamagwira kanthambi, kuzondoka, kulowetsa mlomo chokweza kufuna timadzi ta pansi pa chikho, ndipo mlomo ukangokhudza pamenepo duwa limaphulika, mungu fuu kumutu. Kamachoka apo kupita pa mtengo wina mutu uli mbuu, ndipo ndi mmene mitengoyo imaberekera. Red-headed Myzomela ndi kamodzi mwa timbalame tomwe timagwira ntchito imeneyi ku Top End. Sikuti kamangodalira timadzi tokha ayi, kamatolanso tizilombo ndi akangaude m'masamba, nthawi zina kuwakha touluka, makamaka pamene kali ndi ana oti kadyetse, poti shuga yekha samanga thupi.

Chisa chake mukachipeza ndi umboni winanso woti si choso. Choso amamanga kathumba kolendewera, kotsekeka pamwamba, khomo lili m'mbali. Myzomela imamanga kachikho kotsegula pamwamba, ka timakungwa ndi timaudzu tomangidwa ndi ulusi wa kangaude, pa mphanda ya nthambi, kawirikawiri pamwamba pa madzi, n'kuikira mazira awiri kapena atatu oyera a timadontho tofiira. Mukachiona ingoyang'anani muli patali, osagwira nthambi.

Kupatula Rapid Creek, pitani ku East Point, kuli kanjira kokwezeka kolowa m'mangrove komwe mumaima pafupi ndi masamba osaponda matope. Buffalo Creek kufupi ndi Lee Point nako n'kodziwika kwa okonda mbalame, komanso Casuarina Coastal Reserve ndi Charles Darwin National Park. Tabulauni ta m'magadeni mungatiphunzire mosavuta ku George Brown Darwin Botanic Gardens, komwe mungakhale pa benchi. Nthawi yomwe mumaweruka shifiti ya usikuyo ndi yabwino kale, maola awiri oyamba dzuwa litatuluka, maluwa akadali ndi timadzi tambiri komanso kusanatenthe.

Koma achemwali, mangrove a ku Darwin si dambo la kumudzi loti mungangolowa. Nyanja ya kumeneko imadzaza ndi kuphwa mosiyana mpaka pafupifupi mamita 8, pamalo pomwe munaima pouma pakatha maola ochepa pali madzi, ndiye muziona kaye pa foni nthawi yomwe madzi abwere. Ng'ona za m'madzi amchere zilimo ndithu m'mitsinje ndi m'magombe amenewo, zikwangwani za Be Crocwise sanaziikire kukongoletsa. Khalani pa njira zokonzedwa, musatsikire kumadzi chifukwa chofuna chithunzi chabwino. Ndiye pali tizilombo toluma tija amati ma midge kapena ma sandfly, tosaoneka bwino ndi maso, timavuta m'mawa ndi madzulo makamaka masiku a mwezi wathunthu, ndipo zilonda zake zimayabwa masiku angapo. Valani za manja aatali, thalauzi, dzolani mankhwala othamangitsa udzudzu.

Kujambula ndi foni, ine ndimalangiza vidiyo osati chithunzi. Kambalame ka magalamu 8 sikakudikirani, mukamadina kachoka kale, mumangotsala ndi chithunzi cha masamba. Vidiyo ya masekondi 15 imakupatsani mpata woimitsa pomwe katembenuza mutu, komanso imagwira kulira kwake, komwe kwa Brown Honeyeater ndi umboni wokwanira pawokha. Ngati mwayamba kuzikonda zimenezi gulani ma binoculars a 8x32 kapena 8x42, osati akuluakulu a 12 kapena 16 omwe ogulitsa amakonda kukukakamizani, amenewo amanjenjemera m'manja ndipo m'mangrove mbalame imakhala pafupi, chofunika ndi kuona malo otakata kuti muipeze msanga. Merlin Bird ID, app ya pa foni yozindikirira mbalame ya Cornell Lab of Ornithology, ndi yaulere ndipo imathandiza, koma muziiuza malo enieni omwe muli, apo ayi ikupatsani mbalame za ku Queensland. Ndipo yankho lake muzilitenga ngati maganizo a mnzanu, pa tabulauni imaphonya ndithu chithunzi chikakhala chosaoneka bwino. Pa eBird, tsamba la pa intaneti pomwe anthu amalemba mbalame zomwe aona, mukhoza kutsegula East Point kapena Buffalo Creek n'kuona zomwe ena aona masabata apitawa, zimenezi zimakuuzani zomwe n'zotheka musanachoke n'komwe pakhomo. Chomwe sindigwirizana nacho ndi kuliza mawu a mbalame pa sipika kuti ibwere. Kakamuna kamasiya kudya n'kumasaka mdani yemwe kulibe, ndipo pamalo ngati East Point pomwe pamadutsa anthu ambiri, aliyense akatero kambalameko katha mphamvu.

Mukadzapita ku Cairns tsiku lina mukamuone choso weniweni wa ku Australia, amapezeka m'makhonde mwa anthu momwe, nthawi zina kumanga chisa pa chingwe choyanikira zovala. Kumimba ndi wachikasu chowala, kumsana wobiriwira mozilala, wamwamuna pakhosi pake pakuda monyezimira buluu. Mabuku ena amamutcha Olive-backed Sunbird, akale kwambiri Yellow-bellied Sunbird, atsopano Sahul Sunbird. Kumeneko mukhoza kuona choso ndi Dusky Myzomela pa mtengo umodzi, ndiye kusiyana komwe ndafotokozaku kumaonekera pompo. Ma myzomela enieni kwawo kwenikweni ndi kuzilumba, mitundu pafupifupi 40 yomwazikana ku Indonesia, New Guinea ndi Pacific, zilumba zina chilichonse ndi mtundu wakewake, ndipo mpaka pano akupezabe ina. Ya pa chilumba cha Rote, kufupi ndi Timor, inalembedwa mu 2017 pomwepa, n'kupatsidwa dzina la Iriana Widodo, mkazi wa yemwe anali pulezidenti wa Indonesia nthawi imeneyo. Nayo ndi yofiira mutu, yofanana kwambiri ndi kanu ka ku Rapid Creek.

Za pakhomo, ngati mukufuna tiziyandikira, musaike madzi a shuga kapena uchi. Kutentha kwa ku Darwin zimasasa tsiku lomwelo, mbale imodzi yomwera mbalame zambiri imafalitsa matenda, ndipo amene amapindula ndi ma White-gaped ndi zina zikuluzikulu zomwe zimadzathamangitsa tating'onoto. Ikani mbale yosazama ya madzi wamba pamthunzi, pamalo okwera pomwe mphaka sangafike, pafupi ndi chitsamba choti tithawiremo, muzisintha madziwo tsiku lililonse. Miyezi ya Seputembala ndi Okutobala kukatentha mvula isanayambe, mbale imeneyo imaitana mbalame kuposa duwa lililonse, ndipo kambalame kakamasamba kamakhala malo amodzi nthawi yokwanira kuti muone kuseri kwa diso. Ngati eni nyumba akulola, dzalani grevillea wa maluwa ang'onoang'ono ndi zitsamba zowirira. Ndipo ngati muli ndi anyamata omwe anabwera ndi luso la legeni kuchokera kumudzi, auzeni kuti mbalame zachilengedwe ku Northern Territory n'zotetezedwa ndi lamulo, Territory Parks and Wildlife Conservation Act ya 1976, kupha kapena kugwira popanda chilolezo ndi mlandu.

Kofiira mutu sikabwera pa mbale yanuyo pokhapokha ngati nyumba yanu ili pafupi kwenikweni ndi mangrove, kameneko muzikapezabe ku Rapid Creek. Mukajambula vidiyo ya tabulauni ta pakhomo, yesetsani kuti mutu uoneke cham'mbali dzuwa lili kumsana kwanu, mulembe tsiku, malo, ndi mtengo womwe kanali, munditumizire tione ngati ndi Brown kapena Dusky.